NKHOKWE YA UDZU IRI PANSI PA NTHAKA

Phunziro la alimi a ku Mangochi ndi a m'mbali mwa nyanja

Abale anga alimi, yense wa inu amene alima fodya adziwa nchito yokonza nazale m'chirimwe. Mlimi agaula bedi lake, aunjikapo mapesi a chimanga, natentha. Mukamfunsa chifukwa chake, adzakuuzani kuti ali kupha matenda ndi njere za udzu zimene ziri m'dothi. Tsono taonani. Pa nthawi imene ali kutentha, pabedi palibe udzu ngakhale umodzi. Dothi liri louma ndi lofiira, looneka ngati lakufa. Komabe iye adziwa kuti m'menemo muli njere zamoyo zosawerengeka zimene zingodikira madzi. Ndipo waulesi amene sanatenthe, pakapita sabata imodzi chiyambire kuthirira, aona bonongwe, chisoso ndi udzu ziri kutuluka pamodzi ndi fodya wake.

Chimene mlimi achidziwa pa nazale ndifuna tichiganizire lero pa busa, ndiko kuti pa malo amene tidyetsa ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa zathu. Pa nazale tifuna njerezo zife. Pa busa tifuna zikhale ndi moyo, pakuti ndizo nkhokwe imene udzu wa chaka chamawa utulukamo. Nkhokwe imeneyi sitiiona ndi maso, sitiimata, sitiifolera. Koma idzala ndi kutha monga nkhokwe ya chimanga, ndipo m'midzi yambiri ya kuno yatsala pang'ono kutheratu.

Dziko lathu ndi louma

Dera la kunsi, kuyambira ku Monkey Bay ndi kwa Nankumba, kudzera kwa Mponda ndi pa Boma la Mangochi, limene kale linali kutchedwa Fort Johnston, kufikira kwa Chimwala ndi m'mbali mwa nyanja ya Malombe, ndi dera lotentha ndi la mvula yochepa. Mitengo yomwe ichitira umboni: milambe, migwalangwa, misangu ndi masau sizimera pa malo a mvula yambiri. Mvula ya chaka chonse ikhala ngati mainchesi 30, ndipo pafupifupi yonse igwa kuyambira Disembala kufikira Malichi. Miyezi yotsalayo udzu uyenera kupirira dzuwa, mwera, moto ndi mano a ziweto. Kumapiri a ku Namwera kuli bwinoko, pakuti kuzizira ndipo mvula ichulukirapo. Koma ngakhale kumeneko phunziro ili lithandiza.

Akuluakulu asimba kuti kale ng'ombe zinali zowerengeka kuno chifukwa cha kashembe, ndipo thengo linali lalikulu. Lero zinthu zasintha. Kalembera wa 1998 anapeza anthu ngati 610,000 m'boma lino. Wa 2018 anapeza oposa 1,100,000. Thengo lasanduka minda, madambo asanduka madimba ndi minda ya mpunga. M'chaka cha 2024 nyanja inakwera nimiza malo ambiri a m'mphepete, pamene kumtunda chimanga chinali kupserera ndi dzuwa. Chotero m'dzinja, mbeu ziri m'munda, ziweto za mudzi wonse zipanikizidwa pa kamtunda kamodzi, m'mbali mwa mseu, ndi pafupi ndi mjigo. Musunge mau awa, pakuti bvuto lonse lagona pamenepa: nyengo imene ziweto zisowa kopita ndiyo nyengo yomweyo imene udzu ubala njere zake.

Udzu uli wa mitundu iwiri

Tisanapitirire tiyenera kusiyanitsa udzu wokhalitsa ndi udzu wa chaka chimodzi.

Udzu wokhalitsa ndi wonga tsekera amene tifolera nyumba ndi zigafa, ndi mitundu ina ya masamba ofewa imene ng'ombe ziikonda. Umenewu ukhala ndi chiputu ndi mizu yakuya. M'chirimwe masamba auma, koma chiputu chiri moyo, ndipo mvula ikangogwa kamodzi chiphuka msanga. Mizu yake igwira nthaka chaka chonse. Udzu wa chaka chimodzi ulibe chiputu. Umera kuchokera ku njere, ukula mofulumira, ubala, nufa. Pa Febuluwale uoneka wobiriwira bwino, nunyenga maso. Koma pofika Juni wauma, waphwanyika, ndipo mwera wautenga. Amene ali nao pa busa lake ali ndi msipu wa miyezi itatu chabe.

Chiputu cha udzu wokhalitsa sichikhala muyaya. Chikalamba ndi kufa monga chamoyo chiri chonse, ndipo pa chaka cha chirala, monga dziko lathu linaona mu 1949, mu 1992, mu 2016 ndi mu 2024, ziputu zambiri zifa nthawi imodzi. Cholowa m'malo mwa chiputu chakufa chiyenera kuchokera ku njere ya m'nthaka. Ngati njereyo palibe, malowo akhala dazi, kapena alandidwa ndi zomera zina.

Mmene nkhokwe idzalira ndi mmene ithera

Udzu wokhalitsa utulutsa ngala zake cha m'Febuluwale ndi Malichi, monga chimanga chitulutsa ngayaye. Njere zikhwima m'Epulo ndi Meyi, nizigwa pansi. Si zonse zimene zipulumuka. Nyerere zituta zina, njiwa ndi nkhanga zitola zina, zina zipsa ndi moto. Zimene zapeza kamng'alu m'dothi kapena zabisala pansi pa zinyalala ndizo zifika dzinja.

Pano pali chinthu chodabwitsa chimene ndikonda kuonetsa ana a sukulu. Tengani njere ya tsekera, muone kandevu kake kopotana. Mukakanyowetsa ndi malovu mudzaona kali kutembenuka pang'onopang'ono, ndipo kakauma kabwerera. Mame a usiku ndi dzuwa la usana zikatembenuza chomwecho masiku onse, ndipo njereyo idziboolera yokha m'nthaka. Koma kuti itero ifuna dothi lofewa ndi zinyalala zoti itsamirepo. Pa nthaka imene ziboda zaiponda kufikira yalimba ngati khonde lozira, njereyo ingogubuduzika, kufikira nyerere kapena mphepo itaitenga.

Njere zambiri za udzu zigona pamwamba penipeni, m'dothi losapitirira mainchesi awiri. Ndilo dothi lomwelo limene mvula yoyamba yamkuntho ilikokolola pa malo opanda chofunda. Mukaona madzi ofiira ali kutsika kunka ku Shire kapena ku Malombe m'mwezi wa Disembala, dziwani kuti sali kunyamula dothi lokha iai; ali kunyamulanso msipu wa chaka chimenecho. Asodzi naonso sapindula nao matopewo, pakuti chambo chikonza zisa zake pa mchenga woyera wa m'madzi osaya.

Tsono nachi chinthu chachikulu koposa m'phunziro lino. Njere sizikhala moyo nthawi yofanana m'nthaka. Nonse mudziwa kaufiti. Tsinde limodzi libala njere zikwi makumi angapo, zazing'ono ngati pfumbi, ndipo zikhoza kugona m'munda zaka khumi kapena kupitirira, kudikira kuti mubzalenso chimanga. Zomera zambiri zachabe ziri ndi khalidwe lotere: njere zambiri, zolimba, zopirira. Udzu wabwino wokhalitsa suli tero. Ku South Africa akatswiri awiri, O'Connor ndi Pickett, anayesa nthaka ya m'mabusa ouma ofanana ndi athu, nafalitsa zimene anapeza m'chaka cha 1992. Anaona kuti njere za udzu wokhalitsa sizikhala moyo m'nthaka kupitirira zaka ziwiri kapena zitatu, ndi kuti pa malo odyetsedwa kopambana udzu umene ziweto ziukonda unali kusowa pamwamba ndi pansi pomwe. Ku Ethiopia, m'dera louma la Awash, Tessema ndi anzake anapeza zofanana mu 2012: m'dothi la malo opondedwa kwambiri munali njere zambiri za zomera za chaka chimodzi, koma za udzu wokhalitsa zinali zochepa ndithu.

Tiyeni tiwerengere pamodzi. Chaka choyamba ziweto zidya ngala zisanakhwime. Nkhokwe silandira kanthu, koma zotsala za chaka chatha zimera. Chaka chachiwiri chimodzimodzi. Chaka chachitatu chimodzimodzi. Pofika chaka chachinai njere za udzu wabwino zatha, zina zinamera nizidyedwa ziri zanthete, zina zinafa m'dothi. Pamwamba simuona kusintha kwakukulu, pakuti ziputu zakale zikali kuphuka, ndipo eni mudzi anena kuti busa lao liri bwino. Kenaka kudza chirala. Ziputu zofooka, zimene zametedwa zaka zonsezi popanda kupuma, zifa. Mvula ya chaka chotsatira igwa bwino lomwe, koma chimene chimera ndi chisoso, minga ndi kaudzu kachabe. Pamenepo anthu aimba mlandu chirala chokha. Chirala chinangomaliza nchito imene inayamba kale.

Ziweto sizidya udzu wonse mofanana. Ng'ombe isankha wokoma, nibwerera pa chiputu chomwecho masiku onse, nisiya wolimba ndi wowawa kuti ubale mwamtendere. Kuli ngati mlimi amene chaka ndi chaka adya chimanga chake chabwino chiri chachiwisi, nasunga mbeu ya namsongole.

Cholakwa changa

Ndiyenera kuulula kuti izi sindinaziphunzire m'buku mokha. Nditangoyamba nchito ya ulangizi, nditachoka ku uphunzitsi, ndinafika m'mudzi wina wa cha ku Malombe kumene kunali mtunda wadazi pamwamba pa mjigo. Ndinauza a mfumu molimba mtima kuti mankhwala ake ndi kupumitsa basi. Ndinati, "Titchinge malowa dzinja limodzi, udzu ubwerera wokha." Anthu anabvomera, anadula minga natchinga, ndipo abusa anabvutika dzinja lonse kupita ndi ng'ombe kutali.

M'mwezi wa Epulo tinapita kukaona. Malowo anali obiriwira ndithu, koma ndi chisoso, khovani, timitengo taminga ndi kaudzu kofika m'kakolo. Tsekera analipo ziputu zowerengeka, m'mphepete mokha. Mkulu wina amene anakhala chete pa msonkhano woyamba anazula chisoso chimodzi nandifunsa, "Aphunzitsi, kodi izi ndizo tinasungira?" Ndinasowa choyankha. Iye anapitiriza, osakwiya, nati, "Mwatitsekera nkhokwe imene mbewa zinatha kale." Mau amenewo anandipweteka, koma anali oona. Malangizo anga akadathandiza zaka zisanu zapitazo. Pa nthawi imene ndinafika, m'dothi munalibenso mbeu yoti ipindule ndi kupumako.

Kuyesa nkhokwe ya busa lanu

Kuchokera pamenepo sindilangiza mudzi uli wonse ndisanayese nthaka. Kuyesako nkosabvuta, ndipo mwana wa Sitandade 6 akhoza.

M'mwezi wa Okutobala, mvula isanagwe, sankhani malo atatu: pamene ziweto ziponda kwambiri, pakati pa busa, ndi pansi pa chitsamba chaminga pamene pakamwa pa ng'ombe sipafika. Pa malo onse palani dothi lapamwamba ndi khasu, kuya kwake mainchesi awiri, kukula kwake ngati lichero. Musasakanize. Yalani dothi la malo ali onse m'phale lake kapena m'beseni lobooka, muike pa mthunzi pamene nkhuku sizifika, ndipo muthirire m'mawa ndi madzulo monga nazale. Pakapita masabata atatu werengani zimene zamera. Udzu utuluka ndi tsamba limodzi losongoka monga chimanga. Zomera zina zituluka ndi masamba awiri monga nyemba. Mukawerenga zulani, lekani dothi liume, litakaseni, ndi kuthiriranso, pakuti njere sizidzuka zonse tsiku limodzi. Timaudzu tingapo tisiyeni tikule kuti mudziwe mtundu wake; akulu a m'mudzi adzautchula dzina msanga kuposa mlangizi.

Pamene ndinachita izi ndi ana a sukulu ya m'mudzi uja, phale la pafupi ndi mjigo linadzala ndi zamasamba awiri, udzu munalibe. Phale la pansi pa minga linamera udzu ngati tsitsi. Malo awiriwo anatalikirana mayadi ochepa chabe, mvula yao inali imodzi, dzuwa lao limodzi. Makolo amene anabwera kudzaona sanafunenso kuwafotokozera.

Pambali pa kuyesa dothi, yendani pa busalo ndi kuyang'ana ziputu zamoyo. Mwa kuona kwanga, ngati pa phazi liri lonse mupeza chiputu cha udzu wokhalitsa, ngakhale chometedwa mpaka pansi, busalo lidzachira ndi kupuma kokha. Ngati muyenda mapazi khumi osapeza ndi chimodzi chomwe, kupuma kokha sikukwanira, muyenera kufesa.

Kupumitsa pa nyengo yake

Ambiri aganiza kuti busa lipuma m'chirimwe, pamene ziweto zapita kukadya mapesi m'minda. Kupuma kumeneko kuthandiza pang'ono, pakuti nthawi imeneyo udzu uli m'tulo, sukula ndipo subala. Kupuma kopindulitsa ndi kwa m'dzinja, kuyambira mvula yoyamba kufikira njere zitagwa, cha kumapeto kwa Meyi. Masabata oyamba a mvula ndiwo oopsa kwa chiputu, chifukwa chiphuka ndi chakudya chimene chinasunga m'mizu. Chikametedwa kawiri katatu chisanakhale ndi masamba okwanira, mizu ifupika ndi kufooka. Miyezi ya Malichi ndi Epulo ndiyo yoopsa kwa njere.

Palibe mudzi ungatseke busa lonse. Koma ukhoza kuligawa patatu kapena panai, ndi kutseka gawo limodzi dzinja lino, lina dzinja lamawa, mozungulira. Potero gawo liri lonse libala njere kamodzi pa zaka zitatu kapena zinai, nkhokwe isanatheretu. Mukumbukire kuti njere zabwino zikhala zaka ziwiri kapena zitatu zokha. Chifukwa chake kugawa patatu kuposa kugawa pasanu. Chikapita chirala, gawo limene lapweteka kwambiri lipume madzinja awiri otsatana.

Musaganize kuti ndiri kunena kuti ziweto ndi adani a udzu. Njere zikagwa, tsegulani. Ng'ombe zoyenda pa udzu wouma zigwetsa njere zotsala, ziziponderera m'dothi, ziphwanya mapesi kuti akhale chofunda, ndi kusiya ndowe. Ndowezo zinyamulanso mbeu: misangu ndi masau ambiri amene muwaona anafesedwa ndi mbuzi ndi ng'ombe. Ndiponso udzu wosiyidwa zaka zambiri osadyedwa uunjikana, utsamwitsa mphukira zake, ndipo moto ukalowamo ulusa koopsa. Chiwononga busa si kudya iai, koma kudya kosalekeza, pa malo amodzi, pa nyengo yobala.

Za mbuzi zomangirira ndinenepo pang'ono. Mwambo womangirira mbuzi m'dzinja ndi wabwino, pakuti uteteza minda ndi kuchepetsa mirandu. Koma chikhomo chikakhala pa malo amodzi sabata yathunthu, mbuzi imeta bwalo lozungulira mpaka dothi. Sunthani chikhomo tsiku ndi tsiku, ndipo musabwerere pa malo akale udzu usanafike m'bondo.

Ocheka udzu ndi otentha thengo

Si ziweto zokha zimene zitha nkhokwe. Popeza udzu wofolera wasowa ndipo mtolo wakwera mtengo, anthu athamangira kucheka m'Epulo kuti anzao asawatsogolere. Udzu wotere uchoka ndi njere zake zonse, ndipo pa denga sukhalitsa chifukwa sunakhwime. Alimi a fodya, amene tifuna udzu wambiri wa zigafa ndi wophimbira nazale, tiri pakati pa olakwa. Dikirani kufikira Juni, ndipo mukacheka kunthani ndi kupesa mitolo pomwepo pa dambo, osati kunyumba, kuti njere zotsala zigwere kwao. Pa nazale mupindulanso, pakuti udzu wokunthidwa subweretsa njere pa bedi.

Moto wa mu Okutobala, udzu utauma gwa ndi mphepo iri kuomba, upsereza njere zonse ziri pamwamba, nusiya nthaka yamaliseche kuti mvula yoyamba iikokolole. Gawo limene mwalisunga dzinja lonse likhoza kutha m'ola limodzi chifukwa cha mwana wofuna mbewa. Lambulani njira yotchinga moto kuzungulira gawolo udzu usanaumitse.

Nanga ziweto zidya chiyani?

Funso ili lifunsidwa pa msonkhano uli wonse, ndipo ndi funso loyenera. Sindibisa kuti chaka choyamba ndi chobvuta. Amene ali ndi mbuzi zochepa akhoza kuzidyetsa udzu wozula popalira, wa m'malire a munda, ndi masamba a nandolo. Nsenjere zobzalidwa m'mbali mwa mtsinje zithandiza ng'ombe za ngolo. Zotsala za mtedza ndi nyemba zisatenthedwe. Ziumitsidwe pa thandala ndi kusungidwa pamodzi ndi madeya ndi zipatso za msangu, kuti ziweto zichedwe kubwerera ku busa mvula ikayamba. Ndipo pali mau amene eni ziweto sakonda kumva: mbuzi makumi awiri zowonda sizipambana khumi zonenepa. Atonde owonjezera agulitsidwe pa nyengo ya chikondwerero cha Idi, pamene ogula achuluka kuno kwathu, m'malo mowasunga kuti adye msipu wa zazikazi ndi ana.

Koma chobvuta chenicheni si chakudya, ndi mgwirizano. Busa ndi la onse, ndipo munthu mmodzi akasunga, mnzake adyetsa usiku. Mutu umodzi susenza denga. Agogo athu akumbukira malamulo a malimidwe a m'zaka za m'ma 1950, pamene anthu anali kulipitsidwa ndi kumangidwa chifukwa cha mizere ndi milambala. Zina mwa nzeruzo zinali zabwino, koma popeza zinadza ndi chikoti, anthu anazida, ndipo zambiri zinasiyidwa chikoti chitachoka. Lamulo la busa likhale lopangana pa bwalo la mfumu, eni ng'ombe, eni mbuzi, amai ocheka udzu ndi anyamata oweta onse alipo. Anyamatawo musawaiwale, pakuti ndiwo adziwa kumene ng'ombe zipita.

Anzathu Asukuma a ku Shinyanga m'dziko la Tanzania ali ndi mwambo wakale wotchedwa ngitili. Mudzi kapena banja lipatula malo mvula ikayamba, osalola chiweto kulowamo, nawatsegula m'chirimwe msipu utasowa kwina. Mwambowu unazirala, ndipo dziko lao linaguga kwambiri. Koma kuyambira 1986 boma lao, mwa nchito yotchedwa HASHI, linaudzutsanso pogwirizana ndi akulu a m'midzi, ndipo udzu ndi mitengo zinabwerera m'malo ambiri. Chimene chinasunga malowo si waya iai, koma chigamulo cha akulu chimene onse anachiopa.

Kufesa pamene nkhokwe yatha

Pa malo onga mtunda wa m'mudzi uja, tiyenera kubweza mbeu ndi manja. Mbeu yabwino koposa ndi ya udzu wa kwanu komweko, umene uzolowera dzuwa ndi nthaka yanu. M'Epulo ndi Meyi yang'anani kumene udzu wabwino ukali kubala: m'malire a minda, m'mbali mwa mseu, pakati pa miyala, m'zitsamba zaminga. Fikisani ngala m'manja. Ngati njere zipululuka mosabvuta, zakhwima. Pululani kapena chekani ngala ndi chisikilo, ziumitseni pa mthunzi, ndi kuzipachika m'thumba kudenga kumene mbewa sizifika. Musadandaule kuti zikhala miyezi isanu ndi umodzi. Njere za udzu zambiri sizimera zikangogwa, zifuna kugona kaye. Tolani zambiri, pakuti mwa njere za udzu zochuluka ndi mankhusu opanda mtima.

Mvula isanagwe, swani nthaka yolimbayo ndi khasu. Musalime ponse. Kumbani timaenje kapena timizere topingasa mtunda, monga akalozera a m'munda, kuti madzi aime ndi kulowa pansi. Thiranimo ndowe pang'ono. Mvula yokwanira ikagwa m'Disembala, wazani mbeu ndi kuiponda ndi phazi. Musaikwirire kupitirira kukula kwa chikhadabo, pakuti kanjere kakang'ono kalibe mphamvu yoboola dothi lambiri. Pamwamba gonekani nthambi zaminga. Mingayo iletsa mbuzi, ipatsa mthunzi, ndipo ikola njere zina ndi zinyalala zouluka ndi mphepo. Ena amanga khola losuntha pa dazi, ng'ombe zigonapo masiku angapo, nalisunthira pena. Ndowe ndi ziboda zikonza malowo bwino lomwe. M'njira za ng'ombe ndi pa mitu ya zigwembe bzalani kapinga, amene ayanga ndi kupirira kupondedwa.

Amene angathe kupeza mbeu yogula afunse mlangizi za udzu wa Buffel, umene upirira chirala cha kunsi kuno. A ku Namwera, kumene mvula ichuluka, ayese udzu wa Rhodes wa mtundu wa Katambora. Umenewu ukabzalidwa zaka zingapo m'munda wopumira uchepetsanso tizirombo tosaoneka ndi maso timene titupitsa mizu ya fodya. Chaka choyamba udzu wofesedwa usadyedwe konse kufikira utabala ndi kugwetsa njere zake.

M'mudzi uja tinachita zimenezi chaka chotsatira, ndipo mkulu yemwe uja ndiye anatsogolera ana kokatola mbeu, popeza anadziwa kumene udzu uli wonse ukali kubisala. Dzinja loyamba udzu unamera m'timagulu pansi pa minga mokha, pakati ponse pali mbee. Dzinja lachiwiri timaguluto tinayamba kukomana. Chaka chachitatu amai anachekapo mitolo yofolera, ndipo ng'ombe zinalowamo mu Julayi. Koma kunsi kwa mtundawo, mayadi makumi atatu ozungulira mjigo, kukali dazi mpaka lero. Kapinga tabzalapo kawiri, kawiri konse wapondedwa. A mfumu ali kuganiza zosunthira chomwera cha ng'ombe kutsidya kwa mseu, koma eni munda wa kumeneko sanabvomere.